Chamba Chopanda Utsi: Kuunika Kalata Imene Ndinapatsidwa ku Madziabango

Mwezi wa Disembala ndinaitanidwa ku Madziabango kukamangitsa nikah ya mwana wa mnzanga amene tinkakhala naye mkeka umodzi ku madrasa tili anyamata. Titaswali Asr, anthu atayamba kuthamangira kumsewu kukadikira maminibasi ochokera ku Chikwawa, mualimu wa pamzikiti wina wa m'deralo anandikokera kuseri kwa khonde n'kundipatsa mapepala anayi a fotokope, opindikapindika ndi othimbirira chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Anati: "A Shehe, ndithandizeni. Anyamata anga awiri a Fomu 3 abwera ndi izi, akuti akusonkherana ndalama kuti aitanitse kachipangizoka ku Joni. Kukalipa ndawakalipira, koma kuyankha sindinawayankhe, poti m'menemu mwatchulidwa Imam al-Qarafi ndipo buku lakelo ine sindinalionepo." Patatha masabata awiri mapepala omwewo anandipezanso, ulendo uno pa foni, kuchokera kwa mphunzitsi wa ku Lirangwe, ndipo wina wa ku Chileka anandiuza kuti nayenso anawaona. Apa ndinaona kuti nkhaniyi yafika poti iyankhidwe poyera.

Wolemba kalatayi ndikumudziwa. Anadutsa m'manja mwanga, ndinamuwerengetsa Safinatu Najaa ali ndi zaka 12, ndipo anali mmodzi mwa ana aja amene amaponya funso lachiwiri iwe usanamalize kuyankha loyamba. Lero amagwira ntchito m'shopu ku Johannesburg. Dzina lake sinditchula, ndipo iyeyo ndamudziwitsa kuti ndikulemba nkhani ino. Ndikufuna wowerenga adziwe kuyambira pano kuti kalatayi sinalembedwe ndi mbuli. Ikanakhala yambuli sikanayenda mtunda wonsewu.

Bambo ake anandionetsa chipangizocho. Kuchionera patali ungati ndi kaliwo uja agogo athu ankasutira chingambwe: kambiya kakang'ono kumapeto, kampope kokhota, ndi poika milomo. Kusiyana kwake kuli mkati. Kaliwo wamba amayatsa masamba. Moto wa pansonga ya ndudu umapitirira madigiri 600, ndipo chimene munthu amakoka ndi utsi wa zinthu zopserera, wodzaza phula ndi mpweya woipa wa carbon monoxide. Kaliwo uyu, amene eni ake amamutcha vaporizer, masamba sawayatsa. Amangowadutsitsa mpweya wotentha, chapakati pa madigiri 180 ndi 210, mpaka mafuta a m'masambamo atuluke ngati nthunzi, pamodzi ndi THC amene ndiye mwini wake wa kuledzeretsa. Masamba amatsala ofiirira, osasanduka phulusa. Ena amayendera batire, ena lawi la laita limene silifika pamasamba. M'nkhani ino ndizimutcha kaliwo wa nthunzi.

Kalata ya mwana wangayu yaima pa msanamira imodzi yaikulu ndi ziwiri zothandizira. Yaikuluyo ndi iyi: lamulo lililonse la Shariya limene tikulidziwa chifukwa chake limayendera limodzi ndi chifukwacho, chimene maulama amachitcha illa. Illa ikakhalapo lamulo lilipo, ikachoka lamulo lachoka. Akupereka chitsanzo cha vinyo amene akasanduka yekha viniga amakhala halaal. Kenako akuti chamba chinaletsedwa chifukwa utsi wake umawononga mapapo, monga fodya, ndipo kaliwo wa nthunzi wachotsa utsi, kotero wachotsa illa. Zothandizirazo ndi mawu a al-Qarafi oti hashishi si muskir, ndiponso lamulo la boma la 2020 pamodzi ndi nkhani ya mankhwala.

Mfundo ya illa wailemba molondola, ndipo ngati mphunzitsi wake ndinamwetulira nditaiwerenga. Walondolanso ponena kuti nthunzi ili ndi zopserera zochepa kuposa utsi. Izi ofufuza anaziyeza, ndipo ife mashehe tisamakane chinthu choyezedwa chifukwa choti sichikutikomera. Cholakwika chake ndi chimodzi, koma chagwetsa nyumba yonse: illa imene waichotsa si imene lamulolo linamangidwapo. Ndipo umboni wake woyamba uli m'mbiri, osati m'mabuku a fiqhi.

Maimamu anayi sanasiye mawu pa hashishi, chifukwa m'nthawi yawo chinali chisanafale pakati pa Asilamu. Womaliza mwa iwo, Imam Ahmad, anamwalira m'chaka cha 241 cha Hijra (855). Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 728 (1328), akuika kufala kwake chakumapeto kwa zaka za m'ma 500 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600 za Hijra, nthawi imene a Tatar ankasesa maiko a kum'mawa. Wolemba mbiri ya Egypt, al-Maqrizi, anasunga nthano ya Shehe Haydar wa ku Khurasan, amene anamwalira mu 618 (1221). Nthanoyo ikuti tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, shehe ameneyu anatuluka m'nyumba yake yodzipatula napeza chomera chikugwedezeka chokha popanda mphepo, nathothola masamba ake, nadya, nabwerera kwa ophunzira ake nkhope ikuwala. Ine ndimaitenga ngati nthano chabe. Koma onani mneni amene wagwiritsidwa ntchito. Anadya.

Katswiri wa zomera wa ku Andalus, Ibn al-Baytar, amene anamwalira ku Damascus mu 646 (1248), anachiona ndi maso ake ku Egypt ndipo anafotokoza kakonzedwe kake. Ena ankaphika masamba, kuwafikisa m'manja mpaka asanduke phala lolimba, n'kuumba timibulu. Ena ankawaumitsa, kuwakazinga, kuwasakaniza ndi chitowe ndi shuga, n'kumatafuna. Iye analemba kuti chimaledzeretsa kwambiri ndipo anaona anthu amene chinawazunguza mutu mpaka misala. Al-Maqrizi yemweyo akusimba za nduna ina ya Amamluki, Sudun al-Shaykhuni, imene cha m'ma 780 (1378) inkalanga ogwidwa ndi hashishi powazula mano. Chilango chankhanza chimenecho sindikuchiyamikira, ndipo mbiri ikuonetsa kuti sichinathetse kanthu. Ndachitchula chifukwa cha chiwalo chimene ndunayo inasankha: mano, popeza tchimolo linkachitika potafuna.

Choncho pamene Imam al-Nawawi, al-Qarafi, Ibn Taymiyya ndi al-Zarkashi ankalemba zoletsa hashishi, munalibe utsi m'menemo ngakhale pang'ono. Al-Zarkashi, Mshafi'i mnzathu amene anamwalira mu 794 (1392), analemba kabuku kathunthu pa nkhaniyi, Zahr al-Arish fi Tahrim al-Hashish, ndipo amene ankawadzudzula anali anthu otafuna timibulu. Chamba chimene maulama athu anachiletsa chinali kale chopanda utsi. Mwana wanga, iwe wabwera patatha zaka zoposa 700 n'kutiuza kuti wachotsa utsi. Wachotsa chinthu chimene oletsawo sanachionepo.

Ndikumvetsa komwe chisokonezochi chachokera, ndipo mbali ina ndi chilankhulo chathu chomwe. Ife chamba timachidziwira pa utsi. Mneni wake ndi kusuta, ndipo dzina lake lobisa ndi fodya wamkulu. Ku Africa kuno kusuta chamba n'kwakale kuposa fodya: m'phanga la Lalibela pafupi ndi nyanja ya Tana ku Ethiopia munapezeka akaliwo a dothi a zaka za m'ma 1300 okhala ndi zotsalira za chamba. David Livingstone, m'maulendo ake a ku Zambezi m'zaka za m'ma 1850, analemba za mutokwane umene Abatoka ndi Amakololo ankasuta, Amakololo omwe aja amene ena mwa iwo anadzakhala mafumu kumunsi kwa chitunda cha Madziabango, m'chigwa cha Shire. Mwana wobadwira kuno akamva kuti chamba, m'maso mwake mumabwera utsi, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti chamba ndi mkulu wake wa fodya, kuti mlandu wawo ndi umodzi.

Koma m'mabuku a fiqhi milanduyi ndi iwiri, ndipo inazengedwa m'mibadwo yosiyana. Fodya anafika m'maiko a Chisilamu cha m'ma 1600, ndipo ndi amene anadzetsa mkangano wa utsi. Ibrahim al-Laqani wa ku Egypt anamuletsa. Ahmad Baba wa ku Timbuktu anamuloleza. Sultan Murad IV anamuletsa ndi lupanga mu 1633. Abd al-Ghani al-Nabulusi wa ku Damascus, amene anamwalira mu 1731, analemba buku lomuteteza. Anakangana chonchi chifukwa fodya sachotsa nzeru, kotero kunalibe Hadith yomugwira mwachindunji, ndipo aliyense anafunafuna chifukwa: fungo, kuwononga chuma, kuwononga thupi. Umboni wa zachipatala utachuluka m'zaka za m'ma 1900, ma fatwa ambiri anatsamira pa kuwononga thupi. Kumeneko ndi kumene kuli illa ya mapapo. Wophunzira wanga watsegula fayilo ya fodya, watengamo illa, n'kukaiika m'fayilo ya chamba. Akanalemba kalata yomweyi pa fodya, bwenzi tikukhala pansi n'kukambirana mozama, chifukwa pamenepo funso loti nthunzi ikuchepetsa zoopsa mpaka pati likukhudza illa yeniyeni. Pa chamba likudutsa pambali.

Illa ya chamba ndi kuphimba nzeru. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya munthu wa ku Jayshan, ku Yemen, amene anafunsa Mtumiki (SAW) za chakumwa cha kwawo chofululidwa ndi mapira. Mtumiki sanafunse za mbiya, za moto, kapena za masiku ofululira. Anafunsa chinthu chimodzi, ngati chimaledzeretsa, ndipo atamva kuti inde anapereka lamulo lokuta choledzeretsa chilichonse. Umar (RA) ali pa mimbari anatchula zinthu zisanu zimene mowa unkapangidwa nazo m'nthawi yawo, kenako anatanthauzira khamr ngati chilichonse chophimba nzeru, kuti mndandandawo usatsekere khomo zina zobwera m'tsogolo. Ndime 91 ya Surah Al-Maida nayo ikutchula zimene Satana amafuna kudzera mu mowa ndi juga, zomwe ndi udani, chidani, ndi kutsekereza anthu kukumbukira Allah ndi Swala. Chiwindi sichinatchulidwemo, mapapo sanatchulidwemo. Viniga wa mwana wangayu ndi halaal chifukwa ungamwe botolo lonse nzeru zili m'malo. Nanga nthunzi yake?

Yankho lili kwa ofufuza omwewo amene iye akuwadalira. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anasindikiza mu JAMA Network Open kafukufuku wa anthu 17 amene sagwiritsa ntchito chamba kawirikawiri. Anawapatsa muyezo wofanana wa THC, mamiligalamu 10 ndi 25, tsiku lina mwa utsi, tsiku lina mwa nthunzi. Nthunzi inakweza THC m'magazi kuposa utsi, inawaledzeretsa kwambiri, ndipo inawasokoneza kwambiri pa mayeso a kuganiza ndi kugwira zinthu. Chipangizo chimene anagwiritsa ntchito chinali chachikulu, cha patebulo, osati kaliwo wa m'thumba, koma mfundo ya kagwiridwe kake ndi yomweyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: moto umapsereza mbali ina ya THC, ina imauluka ndi utsi wa pansonga, pamene nthunzi imapulumutsa wambiri n'kumufikitsa m'mapapo. Ndiye kuti kaliwoyu wachepetsa chimene sichinali illa, wakuza chimene chili illa. Ngakhale pa kuwononga thupi, mapapo si thupi lonse. Kafukufuku wa mu Lancet Psychiatry wa 2019, wochitika m'madera 11 ku Ulaya ndi ku Brazil, anapeza kuti ogwiritsa ntchito chamba tsiku ndi tsiku anali ndi chiopsezo cha matenda a misala chokwera pafupifupi katatu, ndipo pafupifupi kasanu ngati chambacho n'champhamvu. Woyambitsa zimenezo ndi THC, osati phula. Amene anaperekezapo m'bale wake ku chipatala cha ku Zomba sakufuna manambala amenewa kuti akhulupirire.

Tsopano tifike pa al-Qarafi, pamene mualimu wa ku Madziabango anaima. Kalatayi sinamunamizire, koma yamudula pakati. Shihab al-Din al-Qarafi, Mmaliki wa ku Egypt amene anamwalira mu 684 (1285), m'buku lake la al-Furuq, pa kusiyanitsa kwa nambala 40, anagawa zinthu zosokoneza nzeru patatu. Pali murqid, chimene chimagoneka munthu mpaka asamve, asaone. Pali muskir, chimene chimachotsa nzeru n'kubweretsa chisangalalo, kudzimva mphamvu ndi kulimba mtima, ngati vinyo. Pali mufsid, chimene chimasokoneza nzeru popanda chisangalalo chotere. Iye anaika hashishi m'gulu lachitatu, potengera zimene ankaona: omwa vinyo amalongolola, amaputa ndewu, pamene odya hashishi amangoti zii, opanda mtima wa nkhondo. Kuchokera pamenepo anatulutsa zinthu zitatu zimene zili za muskir yekha: chilango choikika cha hadd, unajisi, ndi kuletsedwa kwa kachidutswa kochepa.

Izi ndi zimene wophunzira wanga wakopera. Chimene wasiya ndi choti pamalo omwewo al-Qarafi akunena kuti akatswiri a fiqhi a m'nthawi yake anagwirizana kuletsa hashishi, ndipo kusiyana kwawo kunali pa mtundu wa chilango, ngati chikhale hadd kapena ta'zir, chimene woweruza amachiyeza yekha. Mawu oti mufsid amatanthauza chowononga. Kutenga dzina limeneli n'kulisandutsa chilolezo kuli ngati kumva woweruza akunena kuti mlandu wako si wakupha koma wovulaza, iwe n'kutuluka m'khoti ukuvina kuti wapezeka wosalakwa. M'madhhab athu, Imam al-Nawawi mu al-Majmu' anayenda njira yoyandikana nayo: hashishi ndi haraam monga mowa, Swala zimene zadutsa munthu ali m'menemo azibweze, ndipo chilango chake ndi ta'zir. Ndipo magawidwe a al-Qarafi sanavomerezedwe ndi onse. Ibn Hajar al-Asqalani, amene anamwalira mu 852 (1449), mu Fath al-Bari anatsutsa onena kuti sichiledzeretsa, ponena kuti chimabweretsa chisangalalo ndi chibaba chonga cha mowa, ndipo anawonjezera kuti ngakhale titavomera kuti si muskir, Hadith ya Umm Salama mwa Abu Dawud inaletsanso mufattir, chimene chimalefula thupi ndi kulilemeretsa.

Pano ndiyenera kutembenukira kwa anzanga a pa mimbari, chifukwa ifenso tathandiza kuti kalata zotere zizimveka zokoma. Ndamvapo khutba ikunena kuti chamba chinatchulidwa ndi dzina mu Hadith. Sichinatchulidwe. Ndamvapo kuti amene waswali ali ndi chamba m'thumba Swala yake yawonongeka chifukwa chamba ndi najisi. Amenewo ndi maganizo a Ibn Taymiyya ndi omutsatira. Kwa Ashafi'i, najisi ndi choledzeretsa chamadzimadzi, ndipo tsamba louma ndi loyera ngakhale kuti kulidya n'koletsedwa. Mwana wochenjera akapeza kuti shehe wake anawonjezera pa mfundo imodzi, amayamba kukayika mfundo zonse, ndipo tsiku limene adzatsegule al-Furuq pa intaneti adzadziona ngati watulukira chimene tinkamubisira. Kunena zoona mu mulingo wake kumateteza lamulo kuposa kulikometsera ndi zowonjezera.

Mfundo yamphamvu kuposa zonse m'kalatayi ndi ya kachidutswa kochepa, ndipo sindiizemba. N'zoona kuti al-Qarafi, ndi Ashafi'i angapo a m'mbuyo mwake, anati pa zinthu zouma choletsedwa ndi muyezo umene ukusokoneza nzeru, pamene pa zakumwa ngakhale dontho ndi haraam, molingana ndi Hadith ya Jabir yoletsa zochepa za chimene zambiri zake zimaledzeretsa. Wolemba kalata akuti kaliwo wa nthunzi amalola munthu kuyeza, kukoka kamodzi n'kusiya. Koma maulama aja ankakamba za kachidutswa kamene sikachita kanthu m'mutu, monga kalowa m'mankhwala osakaniza kapena monga kungumanga kagwera mu mphika wa pilau. Ndimufunse mwana wanga: ndani amatulutsa marandi ake, opezeka movutikira chonchija, kugula chipangizo kuti akoke nthunzi imene asamve kalikonse? Chimene akuchifuna pokoka ndi kusintha kuja kwa m'mutu. Chikafika, wadutsa malire amene al-Qarafi yemweyo anaika. Chikapanda kufika, akokanso. Ndipo malire amenewo akuwayeza ndani? Nzeru yomwe ija imene ikusokonezedwa. Anyamata a Fomu 3 aja sakusonkha ndalama kuti akaime pa kachidutswa.

Msanamira yotsala sifuna nthawi yaitali. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation, limene linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso zolima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Kusuta kofuna chisangalalo kunakhalabe mlandu. Wolemba kalata wasakaniza lamulo lathu ndi la kumene akukhala, kumene khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chogwiritsa ntchito chamba payekha. Akadutsa pa chipata cha Mwanza lamulo limenelo latsalira kumbuyo. Ndiponso chiphaso cha boma sichinasandutsepo chinthu kukhala halaal, popeza mabala a mu Limbe nawo amapatsidwa ziphaso. Watchulanso kuti mu 2021 nduna ya zamalimidwe, a Lobin Lowe, inalembera Mike Tyson, amene ndi Msilamu, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Kalatayo inalembedwadi. Koma Tyson timamudziwa pa nkhonya, osati pa fatwa. Kumbali ina, sindigwirizana ndi anzanga amene amatemberera lamulo lonse la 2020. Chomera pachokha si tchimo. Chingwe, nsalu ndi mafuta osaledzeretsa ochokera ku chamba cha mafakitale ndilibe nazo mlandu.

Za mankhwala, khomo lilipo ndipo ndi lakale. Al-Nawawi analoleza kugoneka munthu ndi banj pofuna kudula dzanja lowola, ndipo pa maziko omwewo timalola mankhwala ogonetsa ku opaleshoni ndi morphine kwa odwala khansa. Mu 2018 boma la America linavomereza Epidiolex, mankhwala a mitundu ina yovuta ya khunyu ya ana, opangidwa ndi CBD, gawo la chamba limene sililedzeretsa. Ku Germany kuyambira 2017 dokotala amatha kulembera wodwala maluwa a chamba, ndipo kumeneko vaporizer imagwiradi ntchito ngati chipangizo cha chipatala. Msilamu wodwala amene dokotala wodalirika wamuyeza, wamuuza kuti palibe china chomuthandiza chimodzimodzi, wamuikira muyezo ndi nthawi, ine sindimutsekera khomo limeneli, ndipo kwa iye nthunzi ndi yabwino kuposa utsi. Apa pokha ndi pamene kaliwoyu ali ndi malo mu fiqhi. Koma amene wadziyeza yekha, wadzilembera yekha, n'kukagula kwa mnyamata wa pakona, sanalowere khomo limeneli. Waboola khoma pafupi nalo. Mtumiki (SAW) anadzudzula anthu akale amene ataletsedwa mafuta a nyama anawasungunula n'kuwagulitsa, poganiza kuti chinthu chikasintha maonekedwe lamulo lachiphonya.

Pali chiganizo chimodzi chakumapeto kwa tsamba lachitatu chimene chikuti mwina nthunziyi siononga swaumu, poti ili ngati nthunzi ya mumphika imene mayi wophika amapuma. Mayi wophika sakufuna nthunziyo ndipo sangaipewe. Uyu akuikoka mwadala, ili ndi mafuta amene amaundana mkati mwa kampope mpaka mwini wake kumakapala. Maulama a m'mbuyo anagamula kuti utsi wa fodya wokokedwa dala umamasula swaumu chifukwa uli ndi thupi, ndipo nthunzi iyi thupi ili nalo. Swaumu yaonongeka.

Chatsopano chenicheni pa chipangizochi kalatayi yachitchula mongodutsa, ngati ubwino: fungo ndi lochepa ndipo silikakamira zovala. Ine apa ndi pamene ndikuopa kwambiri. M'midzi mwathu mlonda wamkulu wa chamba sanali wapolisi. Anali mphuno ya mayi. Mnyamata ankapita kudambo kapena kumanda, ankatafuna masamba a bulugamu pobwerera, komabe malaya ankamuulula, ndipo malume ankaitanidwa zinthu zisanafike patali. Kaliwo wa nthunzi amalowa m'thumba la kanzu. Munthu angathe kukoka kuseri kwa malo ochitira wudhu n'kudzaima pa safu, oyandikana naye osadziwa. Ndime 43 ya Surah An-Nisa inaletsa kuyandikira Swala munthu ali woledzera mpaka adziwe zimene akunena, ndipo muyezo umenewo uli m'mutu mwa woswaliyo, mphuno za anzake zilibe nawo gawo. Aphunzitsi a m'madrasa ogonera konko adziwe kuti zizindikiro zimene anazolowera sizidzawathandizanso. Ayang'ane maso, tulo ta masana, ndi mwana amene ankasunga tsamba lathunthu tsiku limodzi koma lero mizere itatu ikumuthawa.

Tsamba lachinayi la kalatayi mulibe dalili. Mwana wanga akulemba kuti amagona kuchipinda cha kuseri kwa shopu, ndipo chiyambire usiku umene achifwamba analowa ndi mfuti, tulo sabwera. Akuti mowa sangakhudze, poopa Allah, ndipo ankafuna njira imene ingamugonetse popanda kumutulutsa m'chipembedzo. Nditawerenga apa ndinazindikira kuti masamba atatu oyambawo analembedwa kuti atumikire tsamba ili. Si iye woyamba kupeza yankho kaye n'kumafuna umboni pambuyo, ndipo ife tonse amene tinaphunzira usul tikudziwa kukoma kwa yesero limeneli. Vuto lakelo ndi lenileni ndipo lili ndi dzina kuchipatala. Ku Queens kuli madokotala a maganizo, ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu aliko, ndipo ku Johannesburg ndiye ochuluka. Chamba chimagonetsa masiku oyamba, koma thupi likachizolowera, usiku umene wachisiya tulo timathawiratu ndipo maloto oopsa amabwerera mwamphamvu. Munthu amene akuthawa usiku umodzi woipa sayenera kupatsidwa mankhwala otere popanda womuyang'anira.

Bambo ake anandifunsa ngati amuthamangitse pakhomo mpaka alape. Ndinawakumbutsa za Swahaba uja wa mu Sahih al-Bukhari, Abdullah, amene anzake ankamutcha Himar, amene ankaseketsa Mtumiki (SAW) ndipo ankabweretsedwa kawirikawiri kudzalangidwa chifukwa cha mowa. Tsiku lina munthu wina atamutemberera, Mtumiki analetsa, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Chilango sichinachotsedwe, dzina la tchimo silinasinthidwe, koma munthuyo sanatayidwe. Ndinawauza kuti kaliwoyo asunge iwo, mwanayo adye nsima pakhomo pawo, ndipo asanakwere basi yobwerera ku Joni apite naye kuchipatala.

Kwa mualimu wa ku Madziabango ndatumiza fotokope ya kusiyanitsa kwa nambala 40 konse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti awerenge ndi anyamata ake awiri aja mzere ndi mzere. Wolemba kalata ndinamuimbira foni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "A Shehe, za kutafuna zija sindinkazidziwa. Koma pa kachidutswa kochepa sindinakhutire." Ndamuuza alembe yankho lake, aike dzina la buku ndi tsamba pa mfundo iliyonse, ndipo ndidzapempha akonzi a magazini ino kuti alisindikize.